Chokoleti Choopa Madzi

Manase atamira m'madzi osefukira ku Kaporo mu 1988, anthu anasiya kudya chophika mkazi wake, Keziya. Anayambitsa ndi apongozi ake, akuti manja a Keziya ali ndi imfa. Mpunga wake unkangozizira m'mbale, ndipo iye anayamba kuwaopa manja ake omwe.

Anamulemba ntchito ndi Mayi Margaret, namwino wochokera ku Zomba, amene za m'mudzizo ankangoziseka. Mwana wawo akukwatiwa, mlongo wawo woyendetsa malole anabweretsa chokoleti choyera kuchokera ku Dar es Salaam, zidutswa zinayi basi. Mayiwo ankafuna maswiti ofiirira, choncho anampatsa Keziya kabotolo ka utoto wa m'makeke.

Chidutswa choyamba chinasungunuka bwinobwino m'mbale yosanjika pa poto wa madzi otentha. Koma atangodonthezamo utoto, chinauma gwa, n'kukwinyika ngati chibakera, timizere tofiira tili ponseponse ngati mitsempha. Kunali masana, dzuwa likuswa mtengo, koma Keziya anachita tsemwe. Chachiwiri chinateronso.

Mayi Margaret sanakalipe. Kungoti Keziya atawapatsira tiyi, mayiwo anabisa manja awo kumbuyo. Zimenezi zinamuwawa kuposa mawu onse a apongozi.

Chachitatu chitasungunuka, Keziya sanachithire kanthu, sanachikhudze n'komwe. Anangoima n'kumachiyang'ana. Kenako dontho limodzi la nthunzi linatsetsereka pa chivundikiro chimene anatsekera mbaleyo theka n'kugweramo, ndipo chokoleti chija chinakwinyika chokha, iye akuona. Mtima unamuuza kuti madzi amene anatenga Manase amutsatira mpaka m'khitchini. Anafuna kuthawa, koma anatenga kabotolo kaja n'kudontheza pachikhatho. Namonso munali madzi okhaokha.

"Amayi, si manja anga. Chinthuchi chimadana ndi madzi," anatero Keziya kwa Mayi Margaret.

Ku Kaporoko aliyense amadziwa mawese, mafuta ofiira a kanjedza. Keziya anapukuta mbale ndi sipuni mpaka kuuma, n'kudontheza mafutawo pang'ono m'chidutswa chomaliza. Chinalandira mtundu mosalala. Maswitiwo analimba m'firiji ya parafini.

Pa ukwati, apongozi aja anadya atatu asanafunse amene wapanga. Atauzidwa, anasiya kutafuna. Anayang'ana zala zawo zofiirira kwa nthawi yaitali, ngati akudikira kuti agwe. Sanagwe. Ndipo anatambasulira dzanja kwa Keziya.

"Undipatse wekha, mwana wanga. Ndi dzanja lako."

Kuyambira pamenepo, ukwati wa ku Kaporo wopanda zophika za Keziya anthu ankauyesa wosakonzeka.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso anakuuzani kuti chilichonse mungagwire chimawonongeka, mpaka munavomera. Musathawe msanga. Imani pomwepo, muyang'anitsitse chimene chikudonthera m'mbale mwanu, ndipo chidutswa chomalizacho musachitaye. Mtimanso osautaya.