Benchi Lakumbuyo la Mayi Tepi

Pasukulu ya ntchito zamanja imeneyo palibe amene ankawatchula dzina lawo lenileni. Onse ankangoti Mayi Tepi, chifukwa tepi yoyezera zovala sinkachoka m'khosi mwawo, ndipo amiseche ankati ngakhale pa ukwati wa mwana wawo anachita kuwavula. Anali ataphunzitsa kudula ndi kusoka kwa zaka makumi awiri, ndipo anali ndi chizolowezi china chimene aphunzitsi anzawo ankawaseka nacho. Teremu isanayambe ankalemba pabolodi, kenako n'kupita kukakhala pabenchi lakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, kuti aone ngati choko chikuwerengeka. Chikapanda kuwerengeka ankafufuta n'kulembanso.

"Wakutsogolo amamva ngakhale nditanong'ona," ankatero. "Ine ntchito yanga ndi wakumbuyo."

Chaka chimenecho khoma la chipinda chawo linang'aluka ndi mvula, ndipo chipindacho chinatsekedwa. Makina osokera anawasamutsira m'kachipinda kosungiramo katundu, momwe munkakwana anthu anayi basi, wachisanu n'kuima pakhomo. Koma kalasi yawo yamasana inali ndi amayi khumi ndi asanu ndi atatu, onse apabanja, obwera atatha ntchito zapakhomo. Mkulu wa sukulu sanapite m'mbali. Anati maphunziro apite pa intaneti, amayiwo azingobwera mosinthana kudzagwira makina, apo ayi kalasi itsekedwe. Panali pulogalamu yophunzitsira imene sukulu inkafuna kuitenga, ndipo Mayi Tepi anapatsidwa milungu iwiri kuti aiyese n'kusaina fomu yonena ngati ili yoyenera.

Amene anawaonetsa anali bambo wa makompyuta, munthu wa tayi ngakhale kukutentha, woyankhula mofulumira ngati basi ikumusiya. Anawafotokozera kuti pulogalamuyo ndi yaulere, anailemba anthu ambirimbiri a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo mkati mwake ndi mosatseka: aliyense wodziwa akhoza kutsegula n'kusintha. Pakompyuta yaikulu ya muofesi zonse zinayenda myaa. Vidiyo inatseguka asanaphethire. Mayeso anadzichonga okha. Fomu ija bamboyo anali atachongeratu kale ndi pensulo.

"Mungosaina apa, mayi."

"Ndisaine ndili pabenchi lakutsogolo?" anafunsa Mayi Tepi. "Mundilembetse ngati mwana wasukulu. Ndikufuna ndilowere khomo limene iwo adzalowere."

Bamboyo anapukusa mutu, komabe anawalembetsa. Pobwerera kunyumba Mayi Tepi anadzera kwa mlamu wawo n'kubwereka foni yakale yosweka galasi, yomangidwa ndi mphira kuti batire lisagwe.

"Alamu, foni yanu yabwinoyo yatani?"

"Ili bwino kwambiri, ndiye vuto lake."

Masana a tsiku lotsatira anakhala pakhonde pawo, pamene netiweki imabwera ikafuna, n'kuyamba sukulu. Anatsegula vidiyo yodula kolala. Kagudumu kanayamba kuzungulira pagalasi. Anateleka madzi a tiyi, anawira, anamwa, anatsuka kapu, kagudumu kakuzungulirabe. Anayesa mayeso. Ali pa funso lachinayi netiweki inathawa, nthawi inapitirira kuwerenga yokha, ndipo itabwerako anapeza atapatsidwa ziro. Ziro! Munthu amene anasoka malaya a theka la anthu a mumsewu wawo. Anajambula kolala kuti atumize ngati ntchito ya kunyumba, foni inayankha kuti chithunzi chakula kwambiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mkwiyo utatha, mantha anawagwira. Akalemba kuti pulogalamu siyoyenera, kalasi itsekedwa Lolemba. Akasaina kuti ndi yoyenera, kalasi ikhalapo papepala, koma amayi aja aziyoyoka mmodzimmodzi, aliyense akudziona ngati mbuli pomwe cholakwa si chake. Zonse ziwirizo anazikana mumtima. Anatembenuza fomu n'kulemba kuseri kwake zonse zimene zinawachitikira, ndi nthawi yake yomwe.

M'mawa anakaika foni ya mphira ija patebulo la bambo wa makompyuta.

"Munati mkati mwake ndi mosatseka."

"Ndinatero, mayi, koma sizitanthauza kuti tizingo..."

"Ndiye kuti ndi chovala chimene wosoka anasiya nsalu m'mphepete. Chikathina timamasula ulusi n'kukulitsa. Tiyeni timasule, achimwene."

"Foni iyi ndi yofunika kutaya."

"Mukatayenso amayi khumi ndi asanu ndi atatu, chifukwa zawo n'zotere."

Bamboyo anang'ung'udza tsiku loyamba lonse. Tsiku lachiwiri anapeza kuti aphunzitsi a kwina kutali anadandaulapo za zithunzi zomwezo, ndipo wina anali atalemba kale kachigamba kochepetsa chithunzi chisanatumizidwe. Anakalumikiza, chithunzi cha kolala chinadutsa, ndipo anaomba m'manja yekha asanakumbukire kuti ndi wokwiya. Wotchi ya mayeso anaizimitsa. Vidiyo anaichotsa, m'malo mwake Mayi Tepi anayala nsalu patebulo, bamboyo n'kumajambula sitepe ndi sitepe, choko, sizasi, mapini, ndipo iwo anayankhulira pamwamba pake ndi mawu awo enieni, kukalipa komwe. Anakonzanso zoti phunziro likalowa m'foni kamodzi lizikhala momwemo, munthu aziwerenga ngakhale netiweki itapita kokayenda. Pofika Lachitatu la mlungu wachiwiri tayi ija inali itapachikidwa pampando, ndipo foni ya mphira inkatsegula chilichonse.

"Tsopano musaina?"

"Mawa. Ndikaone kaye mwini benchi."

Mwini benchi lakumbuyo anali mkazi wa dalaivala wa malole, amene anzake ankamutcha Chete. M'zaka ziwiri sanafunsepo funso m'kalasi, koma msoko wake unali wowongoka kuposa wa aliyense. Mayi Tepi anamupeza akuyanika zovala kuseri kwa nyumba.

"Tabweretsa foni yako, mwana wanga, tiyesere limodzi sukulu yatsopanoyi."

Chete anafinya malaya amene anali atafinya kale.

"Foni ili ndi bambo akunyumba kuno, aphunzitsi. Amachoka nayo Lolemba m'mawa. Imabwera Loweruka madzulo."

"Mlungu uliwonse?"

"Eya. Ndi imodzi yomweyo."

Mayi Tepi anakhala pachidebe chovundikira. Masiku atatu apitawo, bambo wa makompyuta atawafunsa kuti ntchito ya kunyumba izitsekedwa liti, iwo anayankha osaganiza n'komwe: phunziro lizituluka Lolemba, ntchito izitsekedwa Lachisanu masana, monga mwa nthawi zonse. Ankakonda kuchonga Loweruka m'mawa mutu uli wopepuka. Ndiye kuti phunziro likanamatuluka foni itachoka, n'kutsekedwa foni isanabwere. Milungu iwiri yathunthu anakhala akukalipira makina, pomwe khomo lotsiriza analitseka okha ndi dzanja lawo. Anachita manyazi kwambiri, ndipo sanabise.

"Ndakulakwira, mwana wanga. Ndinayeza foni, ndinaiwala kuyeza nyumba."

Madzulo omwewo anayenda khomo ndi khomo mpaka mapazi kutupa. Mwa amayi khumi ndi asanu ndi atatu aja, asanu ndi awiri foni inali yobwerekana: wina ndi mwamuna, wina ndi mchemwali wake wogwira ntchito kutali, wina ndi apongozi.

Lachisanu, pamaso pa mkulu wa sukulu ndi akuluakulu a komiti, anaika fomu patebulo. Anali atasaina, koma pansi pa dzina lawo analembapo mzere wina: phunziro lizituluka Loweruka, ntchito izitsekedwa Lamulungu la mlungu wotsatira, dzuwa likamalowa.

"Mayi, lamulo la sukulu ino ndi Lachisanu," anatero mkulu wa sukulu. "Ndipo inuyo muzichonga liti?"

"Ndizichonga Lolemba, mutu ukupweteka, palibe kanthu. Pulogalamuyi ndi yabwino, bwana, chifukwa imalola kusinthidwa. Ifeyo tikakanika kusinthika, vuto silikhala la pulogalamu." Anavula tepi m'khosi, chinthu chimene pasukulupo palibe amene anali atachionapo, n'kuiika pamwamba pa fomu. "Ine zaka zonsezi sindinadulepo munthu kuti akwane m'malaya."

Bambo wa makompyuta anakhosomola n'kunena kuti kusintha tsikulo n'kongodina kawiri. Akuluakulu ananong'onezana, kenako anavomera teremu imodzi yoyesera. Mayi Tepi anatola tepi yawo n'kuvala.

Lamulungu loyamba lotseka ntchito anakhala pakhonde paja kuyambira masana, foni ili pamwendo. Zithunzi zinkalowa chimodzichimodzi: makolala okhota, makolala onenepa, ina yosokedwa chadodolido moti anaseka mpaka misozi. Zinakwana khumi ndi zisanu ndi ziwiri, n'kutsala cha Chete chokha. Dzuwa linayamba kupendeka. Anayang'ana kumsewu ngati kuti chithunzi chimabwera wapansi.

Kenako foni inalira. Inali kolala yoyera, yoyalidwa pamphasa, ndipo pakona pake panali chala chachikulu cha mwamuna, chikhadabo chakuda ndi oilo wa galimoto, chitapanikiza nsalu kuti mphepo isaiulutse. Pansi pake panali mawu olembedwa: "Aphunzitsi, mbali ya kumanzere ikukana kugona. Ndalakwitsa pati?"

Mayi Tepi anawerenga kawiri. Zaka ziwiri anadikira funso la mwana ameneyu. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu yawo, anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri, ndipo mwa chizolowezi anagwira tepi n'kuiika pagalasi. Kenako anadina poyankhulira.

"Wafunsa bwino, mwana wanga. Tenga choko, tiyambire pakhosi."