Nyumba ndinamanga ine, dzina ndi la Bra Vusi

Panalibe munthu ku Joni kuno amene akanandiposa pokambirana mtengo. Mawu amenewa ndinkawanena poyera pa renki ya matakisi ku Tsakane, anzanga n'kumavomereza, poti anandionapo ndikunenerera simenti mpaka mwini sitolo anandinyamulira yekha thumba kuti ndingomuchokera. Inu owerenga, pakamwa pomwepo ndi pamene panandimangira khola limene ndikukhalamo lero, ndipo njerwa zake ndinayala ndekha, mwaluso ndithu.

Ndine mmisiri womanga nyumba. Ntchitoyi ndinaiphunzira kwa amalume kwathu ku Balaka, osati kusukulu. Nditafika kuno ndinkamanga tizipinda ta lendi kuseri kwa nyumba za anthu, mpaka kunabwera zipolowe zothamangitsa alendo za mu 2008. Ndinataya levulo, mipeni yomangira ndi bulangete lomwe, n'kupulumutsa moyo wokha. Kuchokera pamenepo ndinatsimikiza mumtima kuti mlendo wochenjera ndi amene dzina lake silinalembedwe paliponse.

Zinthu zitazizira, ndinapeza kuti ntchito yayamba kuvuta mwa njira ina. Boma linkalimbikira kuti womanga nyumba yatsopano akhale wolembetsedwa, pulani ikhale ndi chidindo, ndipo insipekitala aziona maziko simenti isanathiridwe. Eni nyumba ankayamba kufunsa pepala asanafunse ngati umadziwa kuwongola khoma.

Apa m'pamene ndinakumana ndi Bra Vusi, mbadwa ya konkuno, amene kale ankagulitsa matayala akale. Iye anali atalembetsa kampani yomanga, mapepala onse ali m'fayilo, koma manja ake anali ofewa ngati a mwana wakhanda ndipo sankasiyanitsa mchenga womangira ndi wopakira pulasitala. Iye anali ndi pepala, ine luso. Tinakhala pamalo ootchera nyama masana onse tikukokanakokana.

Ndinene zoona, munthuyo anayamba bwino. Ankafuna kundilemba m'fayilo ngati kapitawo wa amisiri, ndiponso kunditumiza ku maphunziro a masabata ochepa. Ine ndinaona msampha. Ndinamuuza kuti dzina langa lisaoneke pa ntchito ya umisiri, ndipo ngati lamulo likufuna kuti aliyense wa pasayiti alembedwe, andilembe kuti ndine dakaboyi, wokankha wilibala. Khoma likadzang'ambika adzafune iyeyo, apolisi akadzabwera adzafunse iyeyo. Pamwamba pa izo ndinamukakamiza kuti gawo langa likhale lalikulu kuposa limene ankanena. Anaseka n'kundigwira chanza msangamsanga. Wamalonda aliyense amadziwa kuti mnzako akavomera mofulumira chonchi pali chimene sunachione. Ine tsiku limenelo ndinali wotanganidwa ndi kudzitamandira.

Ndinali ndi mnzanga, Che Adamu a ku Mangochi, mmisiri ngati ine ndemwe. Iwo anakalowa pa kampani ina ku Wadeville, kumene anayambira pansi penipeni, kusesa ndi kuponya njerwa, malipiro ake omvetsa chisoni. Ndinkawaseka kuti, "Che Adamu, munthu wa ndevu zanu kumasayina buku m'mawa uliwonse ngati mwana wa sitandade wani?" Iwo ankangoti, "Lisiyeni bukulo lindidziwe, achimwene."

Ine ndi Bra Vusi ntchito inayenda. Tinamanga ku Tsakane, tinamanga ku Nigel. Galimoto ya insipekitala ikangotulukira, ine ndinkaponya mpeni pansi n'kugwira wilibala, Bra Vusi n'kuvala chipewa cholimba cha pasayiti n'kuyamba kulakatula zimene ndinali nditamuloweza m'mawa. Tsiku lina ku Nigel, mayi woyendera ntchito anafunsa chifukwa chimene tinakumbira maziko akuya chotero. Yankho linali lakuti dothi la pamalopo ndi losadalirika, la pafupi ndi migodi yakale, koma Bra Vusi sankalidziwa. Ndinadutsa pambali pawo ndi wilibala ndikuimba yankholo m'Chizulu changa chothyokathyoka ngati nyimbo ya kwaya, Bra Vusi n'kulitola. Mayiyo anagogoda ngodya ya khoma, n'kuuza Bra Vusi kuti ali ndi dzanja labwino. Madzulo ake tinaseka mpaka misozi. Sindinadzifunse kuti tikuseka ndani.

Komabe mtima wa mmisiri sufuna kuiwalika. Nyumba iliyonse ndikamaliza, ndinkapita kuseri, pansi pa mpopi, n'kulemba timizere titatu ndi msomali pa simenti yaiwisi. Limenelo ndilo linali dzina langa.

Zaka zinapita. Ndinakwatira mkazi wa konkuno, mapepala anga okhalira m'dziko anakonzeka, ndipo chifukwa chobisalira chinatha. Ntchito nayo inasintha. Makoma ena amabwera opangiratu kuchokera ku fakitale, levulo yake ndi ya kuwala kofiira, ndipo pa sayiti yaikulu mlonda wa pageti salola mmisiri wopanda setifiketi. Che Adamu anali atapeza yawo. Ndi iwo amene anandiuza kuti pali njira yakuti munthu wodziwa kale ntchito akayesedwe osabwerera m'kalasi, bola abweretse kalata ya kampani yolembetsedwa yonena ntchito imene wakhala akugwira.

Ndinapita ku ofesi yoona za mayesowo nditavala jekete, foni itadzaza zithunzi. Ndinaonetsa mayi wa pa desiki nyumba imodziimodzi, kenaka timizere tanga tija. Anayang'ana mwaulemu, n'kunena kuti, "Baba, nyumbazi n'zokongola, koma iyi ndi mizere. Dzina lanu lili pati?" Ndinayesa luso langa lonse. Ndinapempha kuti andipatse njerwa ndi daka, matope a simenti, pomwepo ndiwaonetse, ndinati tikumane pakati, ndinatchula ana anga. Anandiyankha mofatsa kuti kalata ikakhalapo mayeso alipo, kalata palibe mayeso palibe. Kwa nthawi yoyamba ndinakumana ndi chinthu chopanda mtengo woyambira ndi womalizira.

Ndinapita kwa Bra Vusi. Sanakwiye. Anatsitsa mafayilo onse pa shelefu n'kuwatsegula limodzilimodzi. Tsamba lililonse linkati ndine wokankha wilibala, ndipo pansi pake panali siginecha yanga, yokhotakhota bwino.

"Bra Malawi," anatero, poti mpaka lero dzina langa lenileni limamuvuta, "ndinakupempha ndikulembe ukapitawo, unandidyera nyama yanga n'kukana. Lero ndilembe kuti unkamanga ndiwe? Ndiye kuti ndavomera kuti ndakhala ndikunamiza ainsipekitala zaka zonsezi. Andilanda pepala, iwe ndi ine tikagulitsa matayala."

Ndinafuna kumutsutsa, koma mfundo zonse zimene ankanena zinali zanga zomwe, zimene ndinamuphunzitsa tsiku lija pootcha nyama.

Ndiye ndili pomwepo. Ndikachoka kwa Bra Vusi, kampani ina iliyonse idzawerenga mapepala n'kuona nkhalamba ya imvi yokankha wilibala. Kuyambiranso pansi ngati Che Adamu, msana sukulolanso, ndipo pageti amasankha a mawondo abwino. Kumunenera Bra Vusi ku boma ndi kudzinenera ndekha, komanso kuika m'mavuto eni nyumba amene sanalakwe kanthu. Ndinaganizako zobwerera ku Balaka, koma ndikumva kuti kwathunso ntchito zooneka ayamba kufunsa mapepala. Choncho m'mawa uliwonse ndimakwera kumbuyo kwa baki, galimoto yatsopano yonyamulira katundu yolembedwa dzina la Bra Vusi m'zitseko zonse, poti kampani yake inakwezedwa giredi chifukwa cha makoma owongoka. Mpaka lero sadziwa kugwira mpeni.

Abale anga amisiri, makamaka inu amene mwangofika kumene ku Joni, mantha ndimawadziwa, ndinagona nawo. Koma musabwereke dzina la munthu, ndipo lanu musalibise pa ntchito ya manja anu. Akakulemberani kaudindo kakang'ono koma koona, sayinani. Akakutumizani ku maphunziro, pitani, ngakhale wophunzitsayo akhale woti mukhoza kumuphunzitsa inuyo. Malamulo a zomangamanga sakubwerera m'mbuyo, ndipo ofesi siiona khoma, imaona fayilo.

Sabata yatha tinadutsa pa nyumba ija ya ku Nigel. Ndinapempha kuti tiime, ndinazungulira kuseri, ndipo ndinapeza mwini nyumba anaika matailosi pansi pa mpopi. Nditabwerera ku baki, Bra Vusi anali akuuza kasitomala watsopano kuti m'moyo wake wonse munthu mmodzi yekha ndi amene anamugonjetsa pokambirana, ndipo ankaloza ine monyadira. Zonse zimene ndinapempha tsiku lija anandipatsa, osachotsapo ngakhale chimodzi. Ndiye tandiuzani inu owerenga, pa malonda amene aja, anapambana ndani?