Botolo lija la pa Kacholola

Amai, sabata ino ndinapeza botolo lopanda dzina m'chikwama cha mdzukulu wanu Tisa. Ndinakumbuka tsiku lija pa Kacholola, nthawi ya chipani chimodzi, tikubwelela kwathu ku Petauke chimanjamanja chifukwa kuchipatala cha m'tauni mapilisi anu a shuga anali atatha. Basi itaima, panabwela bambo wina wa jekete atanyamula mabotolo a madzi akuda, akufuula kuti amachiza shuga, chifuwa, ngakhale kusabeleka. Ndinakufunsani kuti m'katimo muli chiyani, inu n'kuseka: "Mwanawe, munthu wa jekete anganame pamaso pa anthu onsewa?" Munagula botolo, n'kuyamba kumwa titafika kwathu. Mutayamba kusanza, tonse pakhomo tinakondwa, ati matenda akutuluka, ndipo azakhali anakuwonjezelani kapu ina. Mmene tinkapeza ngolo yopita nanu kuchipatala cha ku Minga, munali mutasiya kale kundizindikila.

Tsopano Tisa nayenso ali ndi shuga. Wasiya mapilisi, akumwa zimene anagula pafoni kwa munthu amene sanamuonepo nkhope. Ndamugwadila, ndalila, ndataya mankhwalawo m'chimbudzi, koma iye waitanitsa ena. Dzulo anayamba kusanza, n'kundiyang'ana akumwetulila ngati mmene munachitila inu. "Mwaona amama? Akugwila ntchito." Ine sandimvela, Amai, akuti ndine wachikale. Koma anatenga dzina lanu, mwina inu angakumveleni. Chonde, muonekeleni kumaloto, mumuuze kumene botolo lija linakufikitsani. Sindingathe kuika m'manda anthu awili chifukwa cha bodza limodzi.