Galu Amene Ankasiya Akalulu

Nthawi imene ndinkayendetsa lole ya matabwa ku Viphya, tinkakhala kumapeto kwa tawuni ya Mzimba, m'nyumba ya lendi imene kuseri kwake kunali tchire lokhalokha. Mkazi wanga adalima mbatata kuseriko n'kutchinga ndi khonje. Khonjeyo ankangoletsa mbuzi. Akalulu ankalowa ngati pakwawo, m'mamawa mame asanaume, kudzadya kholowa.

Galu wathu ndidamutola ku Jenda ali kamwana, kofiirira, makutu akugwa ngati masamba a fodya wofota. Atakula adali ndi liwiro loti anthu ankaima pamsewu n'kumaonerera. Tsiku lina adabwera pakhonde atanyamula kalulu kukamwa, namuika pamapazi anga, mchira uli pukupuku.

Ife mpingo wathu sudya kalulu. Mkazi wanga adakuwa ngati waona njoka, nati nyama yodetsedwa isayandikire mbale zake. Ine mtima wanga ndi wapachala, ndiye ndidathyola nthambi ya gwafa n'kumukwapula galuyo mpaka adakabisala kunsi kwa thandala. Kaluluyo ndidakamukwirira. Mayi woyandikana nafe, mbadwa ya komweko, adagwira pakamwa.

"Adada, mwakwirira dende? Nanga ife tilibe mano?" Dende ndiye ndiwo m'Chitumbuka, ndipo mayiyo adandiseka nazo chaka chonse.

Galuyo adamva, ndipo adamvetsetsa kuposa mmene ndinkafunira. Kuthamangitsa sadasiye. M'mawa uliwonse ankabisala pamzere wa mbatata, kalulu akalowa n'kumuvumbulukira, fumbi kobo. Akamupeza ankamugwetsa, n'kumupanikiza ndi mwendo, kenako n'kucheukira kunyumba kuona ngati ndikumuyang'ana. Akatero ankachotsa mwendo uja, kalulu n'kumapita. Ndinkanyadira. Alendo akabwera ndinkawauza kuti pakhomo panga ngakhale galu adatembenuka mtima.

Kenako ntchito idatha. Mitengo idachepa m'nkhalango, malole adaima, ndipo tidayenera kupita ku Lilongwe kukakhala m'chipinda chimodzi kwa mkulu wanga, kumene mwini nyumba sankafuna kumva za galu. Ndidayamba kumufunira pokhala. Apa ndi pamene ndidadziwa kuti kumidzi ya kumeneko galu amadyera ntchito yake. Aliyense amene ndinkamuuza ankafunsa funso limodzi: amagwira?

Mayi woyandikana nafe uja adaitana mlongo wake wa ku Engutwini, bambo wachikulire, mlimi amene chilimwe chikafika ankapita ku uzimba ndi agalu ndi chibonga. Adafika panjinga dzuwa lisanatuluke bwino, nati akufuna aone yekha. Adamugwira galuyo pachifuwa, namuyang'ana miyendo, ndipo ndidaona kuti wamukonda. Tidakhala pa njerwa kuseri, phee.

Kalulu adalowa. Galu wanga sadathamangepo chonchija chibadwire. Adamudulira kutsogolo asanafike pakhonje, namugudubuza, namupanikiza. Bambo uja adadzuka, chipewa m'manja.

"Luma! Luma iwe!" adakuwa.

Inenso ndidakuwa, ine yemwe uja: "Gwira! Mugwire!"

Galuyo atamva mawu anga adagwetsa makutu. Adachotsa mwendo msangamsanga, nabwera chokwawa kudzagona pamapazi anga, akunjenjemera, poganiza kuti walakwanso. Kalulu adadutsa pakhonje n'kulowa m'tchire.

Bamboyo sadaseke, ndipo bola akadaseka. Adavala chipewa pang'onopang'ono, nayamba ndi kuthokoza m'Chitumbuka.

"Yewo chomene, adada, ndapota. Miyendo ali nayo, kweni mtima munamuchotsa. Kwathu agalu anzake amupha, mbwenu ine ndimudyetserenji mlonda wa akalulu?"

Ndidamunyengerera kuti amuphunzitsenso. Adapukusa mutu, nati kuwongola mtengo m'poyamba. Ndidapsa mtima, ndidamuyankha mawu osayenera munthu wamkulu, koma mkati ndinkadziwa kuti sakunama. Chikhulupiriro chidali changa ndi mkazi wanga. Galu ndidamusenzetsa lamulo limene silidali lake, m'dera limene lamulolo likadamulanda chakudya.

Tsiku losamuka lidafika asanapezeke womutenga. Tidamusiyira mayi woyandikana nafe, amene adavomera chifukwa cha manyazi chabe, pakuti nayenso adali ndi pakamwa pambiri podyetsa. Adamumanga pamtengo wa mango kuti asatitsatire. Galimoto ikunyamuka sadauwe. Adangoima chingwe chitakokeka, akundiyang'ana mmene ankandiyang'anira akapanikiza kalulu, kudikira kuti ndimuuze chochita.

Patapita miyezi mayiyo adandiimbira foni. Adati galuyo ankadula chingwe n'kubwerera kunyumba yathu yakale, ndipo anthu atsopano ankamugenda. Adaonda mpaka nthiti kuwerengeka. Chakudya chidalipo kuseri komweko, chikulowa chokha m'mawa uliwonse, ndipo mayiyo adamuona ndi maso ake akugwetsa kalulu wonenepa, iye miyendo ikugwedera ndi njala, n'kumusiya apite. Galuyo adamupeza atafa pamzere wa mbatata mvula yoyamba isanagwe.

Zimandipweteka mpaka lero. Anthu ambiri ndawalangizapo m'moyo wanga, ana anga omwe, ndipo onse adamva zina n'kutaya zina. Amene adandimvera mpaka mapeto ndi galu uja.