Chifuwa Chabodza pa Ubatizo wa Makanda

Nditapita padera kachitatu, ndinanamiza anzanga a kwaya ku Mtakataka kuti ndadwala chifuwa. Zoona zake, sindinkafuna kukaimba pa ubatizo wa makanda a anthu ena.

Loweruka masana mayi Nabanda, otitsogolera nyimbo, anabwera ndi mandimu. Ndinayamba kutsokomola mokakamiza, moipa zedi, mpaka amuna anga anatuluka panja ndi manyazi.

"Siyani, mwananga, mudzipweteka pakhosi," anatero mayiwo. "Chifuwa chimenechi ine ndinadwalapo kanayi. Anga onse anayi ali kwa Ambuye, sindinayangatepo ngakhale mmodzi."

"Nanga mumaimba bwanji pa ubatizo, amayi?"

"Ndimakweza mawu kuti nawonso andimve."

Mawa lake ndinakaima pambali pa mayi Nabanda m'tchalitchi. Sindinatulutse liwu ngakhale limodzi. Ndinkangowamvetsera.