Besi Yopatulika ya a Mwangolera

Ku Chilumba a Ambokile Mwangolera ankadziwika ndi zinthu ziwiri: kuphunzitsa Sitandade 5 ndi kuimba gitala ya besi kutchalitchi. Za sukuluzo anthu ankaiwala, koma besi aliyense ankaimva m'chifuwa Lamulungu lililonse.

Gitalayo inalowa m'Malawi yopanda pasipoti. Dalaivala wina wotenga magalimoto akale a ku Japan kuchokera ku Dar es Salaam anaipeza m'buti, ndipo poti pa mapepala a galimoto panalibe malo olembapo gitala, aliyense panjira anaona chanzeru kusaiona. A Mwangolera anaisinthanitsa ndi njinga ya akazi awo. Akaziwo, mayi Tusekile, anayamba kupita kuchigayo wapansi, ndipo nkhaniyi sanaiiwale.

Inali besi yotchipa, ya ophunzira. Thupi lake linali la pulayiwudi, lopakidwa penti wofiira kuti lidzionetse ngati mtengo weniweni. Makiyi ochunira ankabwerera okha pakati pa nyimbo, ndipo ikalumikizidwa ku sipika inkalira ngati njuchi zotsekeredwa m'chigubu. Koma khosi lake linali nkhani ina: losalala, lowongoka, moti kutentha kwa Karonga komwe kumapinda zitseko sikunalipinde.

"Mjapani amene anapanga khosili ankaopa Mulungu," ankatero a Mwangolera. "Zinazi anapanga ndi waganyu."

Besiyo isanathe chaka, mpingo unalandira kiyibodi, ndipo abusa aakulu anabwera kuchokera kulikulu kudzaipatula. Kiyibodi yokha patebulo lalitali inkaoneka yamasiye. A Gordon Msiska, wapampando wa kwaya, mnzawo wa a Mwangolera kuyambira ku koleji ya uphunzitsi, anawanong'oneza kuti, "Achimwene, ikanipo besiyo, katundu aoneke wambiri pa chithunzi." Anaikapo. Abusa, munthu wosasankha, anasanjika manja pa chilichonse chimene chinali patebulo, ndipo mpingo unati ameni.

Zaka zotsatira a Mwangolera anaikonza besiyo monga mphunzitsi amamangira nyumba, njerwa lero, lata mwezi wa mawa. Mapikapu, timaginito totola kulira kwa mawaya, anaitanitsa ku Mbeya. Makiyi olimba anagula kwa msilikali wina wa kubalaki. Kachidutswa ka pulasitiki komwe mawaya amatsamira kumutu anakachotsa n'kusemapo ka fupa la ng'ombe. M'kati anamatamo mapepala asiliva a m'mapaketi a tiyi, ndipo njuchi zija zinasamuka. Mawaya akafooka ankawawiritsa mupoto wa mayi Tusekile. Pa ntchito yonseyi wogwirizira gitala anali a Gordon, amenenso anapempha kuti aphunzitsidwe kuimba. Anaphunzitsidwa, kwaulere, pa besi yomweyo.

Nthawi yopuma pantchito itakwana, a Mwangolera anakonzeka kubwerera kwawo ku Ngara. Atatsanzikana ndi mpingo, ananyamula besi yawo. Pakhomo anawaimitsa a Khumbize Nyirenda, mkulu wa komiti yoona za katundu.

"Aphunzitsi, mukupita nayo kuti?"

"Kunyumba. Ndi yanga."

"Inali yanu," anatero a Nyirenda mwaulemu wonse. "Chimene chapatulidwa sichibwerera kudziko."

Komiti inakumana m'vesitile. A Mwangolera sanade nkhawa, poti mboni anali nayo. "Ndinangoiika kuti ioneke pa chithunzi," anafotokoza. "A Msiska ali pompano, ndiwo anandiuza. Afunseni."

A Gordon anayang'ana nsapato zawo kwa kanthawi, ngati yankho linalembedwa pamenepo. "Ine ndinaona manja akusanjikidwa," anatero. "Za mumtima mwa munthu sindingazichitire umboni."

"Gordon, si iwe unati katundu aoneke wambiri?"

"Ndipo anaonekadi wambiri, achimwene."

Apo m'pamene a Mwangolera anakumbukira kuti iwo akachoka, mumpingomo mudzatsala munthu mmodzi yekha wodziwa kuimba besi.

Komitiyo sinali yankhanza. Inasankha kakomiti kena kofufuza pomwe pemphero la abusa linalekezera. Kakomitiko kanapeza kuti pemphero linagwira zokhazo zimene zinalipo tsikulo. Mapikapu a ku Mbeya, makiyi a msilikali ndi fupa la ng'ombe zinali zadziko, mwiniwake atenge. Thupi ndi khosi zinali za mpingo. Ndipo poti zitsulo zakale zija, zobwerera zokha ndi zolira njuchi, nazo zinapemphereredwa, a Mwangolera anapemphedwa kuzibwezeretsa pamalo pake. Mwatsoka anali nazo, m'chitini cha mkaka. Mphunzitsi sataya kanthu.

Loweruka anabwera ndi sikuludalaiva. A Gordon anagwirizira gitala monga mwa masiku onse.

"Achimwene, bwanji mungosiya zonse momwemo? Mulungu adzakubwezerani."

"Gwirani bwino, a Msiska," anayankha a Mwangolera osatukula mutu. "Mungakande katundu wa mpingo."

Anamasula zonse chimodzichimodzi, anamatula ngakhale mapepala a tiyi. Atamaliza anayendetsa chala pakhosi lija, pomwe chala chawo chachikulu chinali chitadya vanishi, kenako anapereka gitalayo kwa a Gordon ndi manja awiri, monga amaperekera mbale ya chopereka. Lamulungu lotsatira njuchi zinabwerera ku Chilumba, ndipo mpaka lero zimaimba nawo kwaya.

Ku Ngara kalipentala wina anawasemera thupi la mbawa, lolemera, lokongola kuposa pulayiwudi wa Mjapani. Anayesanso kusema khosi. Linapindika mvula isanagwe. Anayesa lina, nalonso linaweramira kumene likufuna. Tsopano thupi la mbawalo lili pakhoma, mapikapu ndi makiyi ali m'chitini cha mkaka chija, ndipo a Mwangolera kutchalitchi amakhala benchi la kumbuyo, manja ali pamaondo. Kwaya ya kumeneko itawapempha kuti awathandize, anafunsa kaye ngati kuli tebulo.

A Gordon amatumizabe moni kudzera mwa anthu opita ku Karonga pa minibasi. Posachedwa anatumiza funso: kodi njuchi zija anazithamangitsa bwanji?

Mayi Tusekile ndiwo anayankha wamthengayo, akupeta mpunga pakhonde. "Mukawauze kuti aziwiritse," anatero. "Ndipo mukafunse a komiti ngati njinga yanga ija nayonso inapatulidwa."