Tikhala ndi Chinsalu cha Amalume Ake

M'mawa uliwonse, belu la ku fakitale lisanalire, Tikhala ankakwera kamtunda ka kuseri kwa nazale kukawerenga mvula. Imeneyo ndiyo inali ntchito yake yoyamba pa esiteti. Ankatsegula kachitini koyezera mvula, n'kuthira madziwo m'kabotolo ka mizere, n'kulemba nambala m'buku. Ntchitoyo inali ya mphindi zitatu, koma iye ankachedwa, chifukwa akatseka bukulo ankalipanira m'khwapa, n'kulumikiza zala zake zinayi kupanga kazenera, n'kuyamba kusuzumiramo.

M'kazeneramo munkalowa zambiri. Mizere ya tiyi yotsetsereka mpaka kudamu. Nkhungu itagona m'chigwa ngati thonje loyanika. Mibawa itatu imene inatsala pamene ankalambula munda. Kukacha bwino, phiri la Mulanje linkaonekera patali, labuluu, ngati lasendera pafupi. Akasuntha zala pang'ono, chumuni cha fakitale chinkatuluka m'kazeneramo, ndipo mtima wake unkakhala pansi.

Othyola tiyi podutsa ndi madengu kumsana ankagwirana m'nthiti. "Mwana wa a Amosi uja wayamba mapemphero ake aja."

Iye ankangomwetulira. Sanali wolankhulalankhula. Anabadwira m'malayini a esiteti momwemo, bambo ake a Amosi ali mlonda, ndipo sukulu anailekezera Fomu 2. Ntchito ya ku nazale, yosamalira timitengo ta tiyi pansi pa mthunzi, anaiyamba mu 1996.

Munthu wa kamera pa mtundu wawo anali mmodzi yekha, amalume ake a Fackson. Ankayenda panjinga kuchokera kwa Nchilamwela mpaka kwa Kapichi, kamera ili pakhosi, pa kaliyala atamanga chinsalu chokulunga. Chinsalucho ndicho chinawatchukitsa. Panali potajambulidwa nyumba zosanjikizana, galimoto yofiira ndi ndege ikudutsa pamwamba. Kwathu kuno nthawi imeneyo palibe amene ankalola kujambulidwa tiyi ali kumbuyo kwake. Tiyi ndi ntchito. Munthu wasamba, wavala za Lamulungu, wabwereka wotchi, ndiye aime m'munda momwe amagwa thukuta sabata yonse? Achibale a ku Lilongwe akachilandira chithunzicho anena chiyani? Choncho a Fackson ankamangirira chinsalu chawo pa mtengo, munthu n'kuima patsogolo pa ndege, dzanja m'chiuno.

Tikhala anali atapempha kangapo kuti angosuzumirako m'kameramo. Yankho linali limodzimodzi. "Filimu si masamba a tiyi, kuti ukathyola aphukanso."

Mvula ya mu 1998 ili pafupi kutha, a Fackson anaterereka ndi njinga pamtsetse wa kudamu, dzanja lamanja n'kuthyoka. Anabwerako kuchipatala ali ndi chikhakha mpaka pachigongono. Ndipo zinachitika pa nthawi yoipa. Kwaya ya kutchalitchi kwawo inali itajambulitsa nyimbo zake ku Blantyre, ndipo chinatsala ndi chithunzi cha pachikuto cha kaseti. Mkulu wa kwaya, a Douglas, mphunzitsi wa ku pulayimale wochokera ku Dedza, anali atauza kale anthu ake kuti Lamulungu abwere atachapa yunifolomu.

Loweruka masana a Fackson anamuitana Tikhala pakhonde.

"Khala apa. Ukuona kanambala aka? Mwatsala zithunzi zitatu zokha m'filimu muno. Dzuwa likhale kumbuyo kwako. Usadule mitu. Ndipo nkhope zioneke, munthu amafuna nkhope yake."

"Ndamva, amalume."

"Usangoti ndamva. Dzina limeneli ndalimanga zaka khumi ndi ziwiri. Ukaliwononga, kamera iyi sudzaikhudzanso, ngakhale kuipukuta fumbi."

Anaikoleka pakhosi pake ndi dzanja lamanzere. Inali yolemera kuposa momwe ankaganizira, ndipo inkanunkha thukuta ndi sopo wa amalume ake.

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi, anamanga chinsalu chija pakati pa mitengo iwiri ya bulugamu m'mphepete mwa bwalo. Pomwepo panaoneka vuto limene palibe analiganizira. Chinsalucho chinali cha anthu atatu, mwina anayi akapanikizana. Kwaya inali ya anthu makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi. Aliyense ankafuna kuima pansi pa ndege. Amabesi anakankhidwira kunja, asopulano anakana kugwada poopa kudetsa masiketi.

Tikhala anakweza kamera. Anthu akumapeto sanalowemo. Anabwerera m'mbuyo masitepe atatu, n'kulowa onse. Koma pakona pa galasi panalowanso kanthu kobiriwira, tiyi wongophukira kumene atawala ndi dzuwa la pambuyo pa mvula. Anabwereranso pang'ono. Munda wonse unatseguka kumbuyo kwa kwaya, mizeremizere mpaka kumibawa ija. Anadumpha ngalande. Pamwamba pa mabulugamu panatulukira Mulanje, woyera bwino kuposa tsiku lina lililonse chaka chimenecho.

"Achemwali, mukupita kuti?" anafunsa a Douglas. "Kwaya ili kuno."

Iye sanawamve n'komwe. Anali atakwera pachulu. Anagwira mpweya, n'kudina. Anapukusa filimu, n'kudinanso. Kachitatu anadikira kuti mtambo uchoke pansonga ya phiri.

Atatsika pachulupo m'pamene mawu a amalume ake anamubwerera. Nkhope.

Filimu inapita ku Limbe kukatsukidwa, ndipo inatha masabata awiri. Masiku onsewo Tikhala ankawerenga mvula mutu uli pansi, osapanga kazenera kake. Envulopu itafika, a Fackson anaing'amba ndi mano. Anadutsa zithunzi za ukwati wa kwa Kapichi, za mwana wobatizidwa, mpaka anafika pa zitatu zomaliza. Anachiyandikiza chimodzi kumaso, n'kuchitalikitsa.

"Iwe Tikha. Anthu ali kuti?"

"Ndi awo, amalume. Pansipo."

"Izi ndi nyemba zotayikira pamphasa." Anapumira m'mwamba. "Lachinayi pokonzekera nyimbo ukazipereka wekha. Ine ndikangoima pambali ngati mboni."

Lachinayi madzulo dzuwa likadalipo, chithunzi chinayenda dzanja ndi dzanja m'tchalitchi.

"Ine ndinameta dala tsiku limenelo," anatero wabesi wina.

"Kumeta? Ine jekete ndinakabwereka kwa Nsabwe, wapansi."

"Kadontho aka ndiwe, Susan. Ndakuzindikira kufupika."

"Nanga ndege ili kuti? Ha, chinsalu chija ndi kampango aka?"

Ena ankaseka, ena ayi. A Douglas sanaseke. "Bambo Fackson, tinakhulupirira dzina lanu. Munthu akagula kaseti amafuna aone amene akuimba. Apa aona chiyani? Munda wa kampani?"

A Fackson anangoyang'ana chikhakha chawo. Tikhala anaima pafupi ndi chitseko, manja kumbuyo, akudziwa kuti kamera yapita.

Chithunzicho chinafika kwa mai Teleza, wamkulu pa onse m'kwayamo, amene anali atathyola tiyi zaka makumi atatu. Anapukuta manja pachitenje asanachilandire. Anapita nacho pawindo. Anachiyang'ana nthawi yaitali mpaka phokoso linazilala lokha.

"Mwanawe," anatero osatembenuka, "apa ndi pa Nambala Seveni?"

"Eya, amayi."

"Nambala Seveni yathu yomweyi? Ya kuseri kwa tchalitchi?"

"Yomweyo."

"Ine munda umenewu ndaulowa ndili mtsikana. Ana anga onse ndawayamwitsira pansi pa mibawa iyi. Koma maso anga amangoona masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, mpaka dengu lidzaze. Sindinkadziwa kuti ndikawerama, pamwamba panga pamakhala zotere." Anatembenuka. "Bambo Fackson, munditsukire china ngati chomwechi. Ndimutumizire mwana wanga Cathy ku Mzuzu. Amauza anzake kuti kwawo ndi kumatope."

Anthu anaunjikana pawindo. Tsopano sankafunanso nkhope zawo.

"Taonani kanjira aka. Ndi pomwe kapitawo anathamangitsidwa ndi njuchi."

"Anataya ndi chipewa chomwe."

"Denga ili si la malayini athu? Chonchi likuoneka ngati nyumba ya bwana."

"Phirili chikhalire lili pomwepa? Ine ndimaliona ndikafuna kudziwa ngati kubwere mvula basi."

A Douglas anakhosomola. Anati pakaseti pakufunikabe nkhope, ndipo adikira kuti dzanja la a Fackson lichire. Palibe anatsutsa. Koma potuluka anatsalira m'mbuyo, n'kunena motsitsa mawu kuti nawonso awatsukire chimodzi, akaonetse mayi awo ku Dedza dziko limene mwana wawo akukhala.

Pobwerera kunyumba a Fackson anayenda naye mpaka pamlatho wa kudamu. Anaima.

"Anthu khumi ndi mmodzi akufuna chithunzi chopanda nkhope. Zaka zonsezi sindinazionepo." Anakanda pansi pa chikhakha ndi kamtengo. "Mitu sunadule, ndivomereze. Poti mitu yake sikuoneka."

Tikhala anaseka, koyamba m'masabata awiri.

"Usaseke. Tamvera. Loweruka ndi Lamulungu kamera ndi yanga, anthu anga akufuna ndege. Lolemba mpaka Lachisanu imangogona m'sutikesi. Uziitenga. Filimu uzigula wekha. Ndipo chinsalu changa usadzachikhudzenso, wachichititsa manyazi mokwanira."

Anthu a kuno amene amamudziwa Tikhala lero amadziwa za pambuyo pake. Amadziwa kuti zithunzi zake zinayamba kugulitsidwa kwa alendo obwera kudzaona minda ya tiyi, kenako n'kumatuluka pa makalendala. Amadziwa kuti mu 2003 anasiya ntchito ya ku nazale, n'kumakwera mabasi ndi chikwama chimodzi, ku Zomba, ku Ntchisi, mpaka ku Nyika kumene anati kuzizira kwake chiperoni chathu n'chamasewera. Mulanje anakamukwera kanayi. Ndipo amadziwa kuti akabwerako sanena zambiri, amangoyala zithunzi pamphasa, a Fackson n'kumafunsa chimodzichimodzi kuti anthu ali kuti.

Koma Lachinayi limenelo zonsezi kunalibe. Kunali kamera yokha, imene amalume ake anaitulutsa m'sutikesi, n'kuikamo filimu yatsopano ndi dzanja limodzi, akudandaula kuti iyi yokha ndi mphatso, ina asadzayembekezere.

M'mawa mwake Tikhala anakwera kamtunda kaja belu lisanalire. Anathira madzi m'kabotolo, analemba nambala, bukulo n'kuliika paudzu. Nkhungu inali itadzaza chigwa chonse, mibawa itangotulutsa mitu. Anakweza kamera.

Othyola tiyi anali akudutsa m'munsi. Mmodzi anapatuka pamzere, dengu lili kumsana. Anali mai Teleza. Anaima pambali pake, napanga kazenera ndi zala zawo zothimbirira, moyang'ana kolakwika poyamba, kenako n'kupeza.

"Usafulumire," anatero. "Dzuwa lifike kaye pamibawapo."

Tikhala anachotsa chala pakabatani, ndipo awiriwo anadikira.